Tiasilikali ta pathebulo: mwini nthano ndani?

Tiyerekeze banja lina la ku Chelstone, kufupi ndi thanki yaitali ya madzi ija imene aliyense woyenda pa msewu wa Great East amaiona. M'banjamo muli mnyamata wa zaka 14, ndipo amayi ake aang'ono, amene agwira nchito ya unamwino ku England, amutumizira mphatso ya Khirisimasi. Potsegula bokosi amayi a mwanayo ayembekeza kuona nsapato kapena juzi, koma apeza timafelemu ta pulasitiki todzaza ndi timitu, timikono, timiyendo ndi timfuti. Mnyamata alumpha ndi cimwemwe. Kwa milungu itatu saonekanso ku bwalo la mpira. Akaweruka ku sukulu akhala pakhonde, kudula, kumata ndi kupaka penti. Tsiku lina posesa, amayi atola kamsilikali kamodzi kotha kupaka, kosaposa cala cacikulu kutalika kwake, ndipo aona kuti pacifuwa pake pali cigaza ca munthu cokhala ndi mapiko.

"Kodi iwe, zimenezi n'ciani? Si za usatana izi?"

"Iyayi amayi, ameneyu ndi msilikali wa Mfumu. Amateteza anthu."

"Mfumu yake iti?"

Mnyamata ayamba kufotokoza, ndipo theka la ola litapita akali kukamba: maina a akazembe, maiko a kuthambo, nkhondo ya zaka 10,000, mwana wopandukira atate ake. Amayi agwira pakamwa, poona kuti mwana yemweyu, amene amakanika kuchula caka cimene dziko lathu linalandira ufulu, waloweza mbiri yonse ya dziko limene kulibe.

Banjali n'longoyerekeza, koma funso la amayiwa ndi lenileni, ndipo makolo ambiri adzakumana nalo. Masewera osonkhanitsa magulu a nkhondo a tiasilikali akufika m'makomo mwathu kudzera pa lamya za m'manja, pa YouTube, m'masewera a pakompyuta ndi m'mabokosi ocokera kwa abale a kunja. Kholo lina lidzafulumira kulanda ndi kutentha. Lina lidzati n'zacibwana, n'kusalabadira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikadekha tidzaona kuti cimene cagwira mtima wa mwana uja ndi nthano imene ili kumbuyo kwa pulasitikiyo, ndi kuti nthanoyo ili ndi mwini wake. Kholo lanzeru liyenera kudziwa nthanoyo, ndi kudziwanso mwini wake.

Nkhondo zopanda magazi

Tisanayambe kudabwa ndi za ku Ulaya, tikumbuke za kwathu. Inu amene munakulira ku Katete, ku Petauke kapena ku Chadiza simunaiwale za ku ubusa, mmene anyamata anali kutapira dongo ku dambo, kuumba nkhunzi za malinunda ndi nyanga zakuthwa, kuziyanika pa dzuwa ndi kuzigundanitsa kufikira nyanga ya ina itathyoka. Nkhunzi iliyonse inali ndi dzina, ndipo mwini wake anali kudziwa nkhondo zonse zimene inapambana. Ana a m'tauni, ku Kabwata ndi ku Chelstone komwe, anali ndi magalimoto a waya ndi matimu a mpira a zitsekerero za mabotolo. Akuluakulu nawo ali ndi nsolo, kumene munthu amadya miyala ya mnzake mpaka kumusiya manja lende. Masewera a chess, amene anachukitsa mwana wa dziko lino Amon Simutowe wa ku Ndola pamene anakhala Grandmaster mu 2009, anabadwira ku India zaka pafupifupi 1,500 zapitazo monga cifaniziro ca gulu la nkhondo, lokhala ndi njovu, akavalo, magaleta ndi asilikali oyenda pansi.

Azungu anatenga maganizo omwewo n'kuwawonjezera miyeso. Mu 1824 msilikali wacinyamata wa ufumu wa Prussia ku Germany, Georg von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu ake masewera ocitikira pa mapu, okhala ndi tizidutswa tofiira ndi tabuluu toimira magulu a nkhondo, madayisi, ndi woweruza wokhala pakati. Akazembe anawalandira monga njira yophunzitsira atsogoleri a asilikali, ndipo Prussia itagonjetsa France mu 1871 maiko ena anathamangira kuwatengera. Mu 1893 kampani ya William Britain ku London inapeza njira youmbira tiasilikali ta mtovu topanda kanthu m'kati, motero mtengo unatsika ndipo tinalowa m'nyumba za anthu wamba. Kenaka mu 1913 mlembi wochuka H. G. Wells anasindikiza kabuku ka malamulo kochedwa Little Wars. Iye ndi anzake, amuna akuluakulu, anali kukwawa pansi ndi timizinga ta sipuling'i toponya timitengo. Kamsilikali kogwa kanali kuwerengedwa kakufa.

Wells anali wodana ndi nkhondo. Maganizo ake anali akuti munthu akasewera nkhondo yaing'ono kangapo adzazindikira kupusa kwa nkhondo yaikulu, pakuti pathebulo sipatsala amasiye. Caka cotsatira, mu 1914, nkhondo yaikulu inabuka ndithu, ndipo inafika mpaka kuno kwathu. Amuna zikwizikwi anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ambiri osabwerako, ndipo kazembe wa Germany, von Lettow-Vorbeck, anatula zida ku Abercorn, Mbala wa lero, pa 25 Novembala 1918.

Bokosi la ku Haworth

Pali citsanzo cina cakale coonetsa mmene kacidole kamaberekera nthano. Mu Juni 1826 mbusa wa mpingo wa Anglican m'mudzi wa Haworth ku England, Patrick Brontë, anabwerera ku ulendo ndi bokosi la tiasilikali 12 ta mtengo, mphatso ya mwana wake wamwamuna Branwell. Nyumbayo inali ya cisoni: amayi a ana anamwalira mu 1821, ndipo ana aakazi awiri aakulu anatsatira mu 1825. Ana anayi otsalawo, Charlotte, Branwell, Emily ndi Anne, anasankha aliyense kamsilikali kake n'kukacha dzina. Anatipangira dziko, mizinda, mafumu, maukwati ndi ziwembu, ndipo dziko loyamba, limene analicha Glass Town, analiika ku gombe la kumadzulo kwa Africa, kumene sanapondeko n'kamodzi komwe. Mbiri ya dzikolo anali kuilemba m'timabuku tating'ono tosoka ndi manja, ta zilembo zazing'ono zoti tiasilikalito tikhoze kuwerenga.

Tiasilikali ta mtengo tija tinathyoka ndi kutayika, koma nthano inapitirira zaka zambiri, ikukula pamodzi ndi eni ake. Mu 1847 Charlotte anatulutsa buku la Jane Eyre ndipo Emily anatulutsa Wuthering Heights, mabuku amene awerengedwa m'masukulu kufikira lero. Tigwire mfundo imodzi pano: ana a ku Haworth anagulirwa zidole, koma nthano inali yawoyawo. Palibe amene anawagulitsa mutu wotsatira.

Kampani ya ku Nottingham

Bokosi limene linafika ku Chelstone lija n'locokera ku kampani ya Games Workshop. Inayambitsidwa mu 1975 ku London ndi anyamata atatu, John Peake, Ian Livingstone ndi Steve Jackson, ndipo nchito yawo yoyamba inali kupala matabwa a masewera osiyanasiyana, kuphatikizapo mancala, amene ali mbale wake wa nsolo. Mu 1977 anayamba magazini yochedwa White Dwarf, mu 1983 anatulutsa masewera a Warhammer, a malupanga ndi zinjoka, ndipo mu 1987 anatulutsa Warhammer 40,000, a nkhondo za kuthambo, amene anawalemba Rick Priestley. Likulu la kampaniyi lili mu mzinda wa Nottingham. Ili ndi masitolo oposa 500 m'maiko ambiri, ndipo mu Disembala 2024 inalowa m'gulu la makampani 100 akuluakulu pa msika wa masheya wa ku London. Cuma conseco cacokera m'tizidole totalika pafupifupi masentimita atatu.

Wogula salandira cidole cotha kale. Ayenera kudula kaciwalo kalikonse pa felemu, kupala m'mbali, kumata ndi guluu, ndi kupaka penti ndi kaburashi kosongoka ngati singano. Kamsilikali kamodzi kakhoza kudya madzulo athunthu, ndipo gulu la nkhondo lingakhale ndi tiasilikali 40 kapena 100. Gulu likakwanira, anthu awiri amakumana pathebulo lalikulu loyalidwa mapiri ndi mabwinja a makatoni. Kamsilikali kalikonse kali ndi mtengo wake wa mapointi, kuti magulu awiri akhale olingana mphamvu. Mtunda woyenda amauyeza ndi tepi, ndipo madayisi ndiwo amagamula ngati cipolopolo calasa kapena caphonya. Nkhondo imodzi imatenga maola awiri kapena atatu. Makolo amene amati akamva za madayisi aganiza za njuga akhazike mtima pansi, pakuti m'malamulo a masewerawa mulibe kubecha ndalama.

Ubwino wake suli wobisika. Mwana aphunzira kudekha ndi luso la manja, luso lomwelo limene timalitama mwa amisiri osema a ku Kabwata Cultural Village. Aphunzira masamu osadziwa kuti akuphunzira: azindikira yekha kuti ngati afuna dayisi igwe pa 3 kapena kuposa, mwayi wake ndi mbali 4 mwa 6. Awerenga mabuku a Cingerezi okhuthala popanda womukakamiza. Ndiponso, m'masiku ano pamene ana athu amira m'malamya aliyense payekha, masewerawa amafuna mnzako wokhala naye maso ndi maso, womugwira canza ukagonja.

Nthano imene siloledwa kutha

Nthano ya Warhammer 40,000 icitika zaka pafupifupi 40,000 m'tsogolo, anthu atafalikira pa maiko osawerengeka a kuthambo pansi pa Mfumu imodzi. Mfumuyo inadzipangira ana aamuna 20 mwa nzeru za sayansi kuti akhale akazembe ake, koma Horus, amene inamukonda koposa onse, anaipandukira pamodzi ndi abale ake 8. Mfumu inapha Horus, koma inavulala koopsa, kotero kuti kwa zaka 10,000 yakhala pa mpando wa makina wa golide, yosafa komanso yosakhoza kuimirira kapena kukamba, pamene nduna zilamula mwankhanza m'dzina lake. Adani azinga mbali zonse: ziphona zobiriwira zochedwa Orks, zirombo za Tyranids zimene zimagwera dziko ngati dzombe n'kulidya lonse, ndi mafupa a citsulo a Necrons odzuka m'manda. Munthu posankha gulu loti asonkhanitse amasankha mbali yake m'nthanoyi, ndipo mtundu wa penti umene apaka umanena fuko la asilikali ake.

Nkhani ya kupanduka kwa Horus inayamba mu 1988 monga ndime zocepa cabe. Mu 2006 kampani inayamba kuilemba m'mabuku, loyamba lolembedwa ndi Dan Abnett, ndipo pamene inafika kumapeto mu 2024 mabukuwo anali atapitirira 60. Ena anayamba kuwerenga ali pa sukulu n'kudzamaliza ali ndi ana awoawo.

Apa ndiye pagona kusiyana ndi nthano za kwathu. Agogo akati "Panangokhala," ife n'kuvomera kuti "Tili tonse," nthano imayenda mpaka kumapeto, kalulu alandira zomuyenera, ndipo tonse tikagona osalipira ngwee. Nthano ya kampani siingathe, cifukwa tsiku limene idzatha malonda adzathanso. Imasintha nthawi ndi nthawi, ndipo ikasintha, tiasilikali timene tili pa shelefu ya mwana timasintha mtengo ndi tanthauzo, iye osafunsidwa.

Zitsanzo zilipo. Mtundu wina wa anthu aafupi wochedwa Squats unasiya kupangidwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo osonkhanitsa anangomva kuti maiko awo anadyedwa ndi zirombo. Unadzabweranso mu 2022 ndi dzina lina ndi maonekedwe atsopano. Mu 2014 ndi 2015 kampani inalemba mathero a dziko lonse la Warhammer wa malupanga uja, limene anthu analitsatira zaka zoposa 30. Dzikolo linaphwasuka m'nthano, masewera atsopano ochedwa Age of Sigmar analowa m'malo, ndipo posakhalitsa magulu ena awiri analeka kugulitsidwa. Anthu amene anathera zaka ndi malipiro awo pa magulu amenewa analira ngati ofedwa, ndipo wosewera wina wa masewera akalewo anafika potentha gulu lake lonse n'kuonetsa motowo pa YouTube. Mu 2024 kampani inaukitsanso dziko lakalelo, ndi magulu awiri omwe aja, n'kuyambanso kugulitsa. Mu 2017 mmodzi wa ana a Mfumu, Roboute Guilliman, anadzuka ku tulo ta zaka zikwizikwi, nabwera ndi asilikali atsopano otalikirapo, kotero kuti akale anayamba kuoneka ofupika pambali pawo. Malamulo nawo analembedwanso mu 2017, mu 2020 ndi mu 2023.

Sitikunena kuti kampani icita zakuba. Olemba ndi oumba ake ndi amisiri enieni, ndipo wanchito ayenera malipiro ake. Koma mwana ayenera kuuzidwa poyera kuti pamene kazembe wakufa auka m'nthano, kawirikawiri bokosi lake latsopano lili kale pa njira yopita ku sitolo.

Zigaza, ziwanda ndi mantha a makolo

Tibwerere ku funso la amayi aja, pakuti silinali lopusa. M'nthanoyi muli ziwanda ndithu. Muli milungu inayi yoipa, wa kukhetsa mwazi, wa matenda, wa cinyengo ndi wa zilakolako, imene imanenepa ndi zoipa za m'mitima ya anthu, ndipo pali magulu a tizidole toimira ankhondo ake. Cina cimene Mkatolika adzaona msanga n'cakuti ufumu wa anthu m'nthanoyi wabwereka zambiri za Mpingo: zombo zake zioneka ngati machalichi akuluakulu a ku Ulaya, maina ambiri amveka ngati Cilatini, muli lubani, muli ansembe, muli ngakhale asisitere onyamula mfuti. Mfumu ija ipembedzedwa monga mulungu, ngakhale kuti m'nthano momwemo iyo inakana kuti si mulungu.

Tinene mosabisa kuti pulasitiki yotuluka m'cikombole ca fakitale si cithumwa, ndipo cigaza cojambulidwa si cizindikiro ca usatana nthawi zonse. Timaciona pa botolo la mankhwala ophera tizirombo, ndipo ciliponso pansi pa mitanda ina yakale, kutikumbutsa za Gologota. Amene anayamba nthanoyi anali acinyamata a ku England a m'zaka za m'ma 1980, ndipo anailemba monyodola maulamuliro ankhanza ndi cipembedzo cosanduka cida ca olamula. Mu Novembala 2021 kampani inalengeza poyera kuti ufumu wa m'nthanowo ndi cenjezo, kuti suyenera kusiriridwa, ndi kuti magulu a cidani saloledwa pa misonkhano yake. Kunena zoona, kulengeza kumeneku kunafunika cifukwa ena anali atayamba kale kuusirira.

Ngozi yeniyeni ili pamenepo. Mwana wa zaka 14 akhoza kumva conyodola ngati citamando, n'kuyamba kuganiza kuti wamphamvu ndiye wolungama ndi kuti mlendo aliyense ndi mdani woyenera kufa. Mabokosi amalembedwa kuti ndi a ana a zaka 12 kupita m'tsogolo, koma ambiri mwa mabuku a nthano ali ndi nkhanza zoyenera akuluakulu. Cifukwa cake kholo lifunse: m'nthano yakoyi wabwino ndani, ndipo wamudziwa bwanji kuti ndi wabwino? Yankho la mwana lidzakuuzani zambiri kuposa cigaza ca pacifuwa. Mukaona kuti tulo tamusowa, kuti wayamba kuzunza ang'ono ake, kuti maphunziro atsika kapena ndalama zayamba kusowa m'nyumba, lowererani msanga, monga mmene mungacitire ndi cizolowezi cina ciliconse.

Dziwaninso kuti nthano za tiasilikali si imodzi. Kuyambira mu 2001 kampani yomweyo imapanga tiasilikali ta m'buku la The Lord of the Rings, limene linatuluka mu 1954 ndi 1955. Mlembi wake, J. R. R. Tolkien, anabadwira ku Bloemfontein ku South Africa mu 1892, anamenya nawo nkhondo ya ku Somme mu 1916, ndipo anali Mkatolika wolimba. M'nthano yake dziko lipulumuka cifukwa ca anthu aang'ono onyozeka, ndi cifukwa ca cifundo cimene anacitira mdani wosayenera cifundo.

Za m'thumba

Ku England bokosi limodzi la tiasilikali 10 limapitirira mapaundi 30. Apo sitinawerengere zotumizira. Gulu lokwanira nkhondo yaikulu, pamodzi ndi mabuku ndi penti, limadya mapaundi mazana angapo. Osonkhanitsa a ku Ulaya ali ndi nthabwala yawo: mabokosi amene anagula mwa cilakolako koma sanawatsegule amawacha mulu wa manyazi. Ngati zili conco kwa anthu olandira mapaundi, nanga kwa banja la ku Chelstone lofuna fizi ya sukulu ndi lendi? Mwana wa ku mayadi, ku Kabulonga kapena ku Woodlands, akaonetsa gulu lake lonyezimira, mnzake akhoza kubwerera ku nyumba ndi mtima wa kaduka, n'kuyamba kuvutitsa amayi aang'ono aja ndi mauthenga opempha.

Lamulo losavuta ndi ili: bokosi latsopano lisalowe m'nyumba lakale lisanathe kupakidwa. Pali masewera ang'onoang'ono ofuna tiasilikali 10 tokha mbali iliyonse, ndipo malamulo ena amapezeka aulere pa intaneti. Mapiri ndi malinga amapangidwa ndi makatoni, mcenga ndi utuci. Tiasilikali tobiriwira ta pulasitiki timene nthawi zina timapezeka pakati pa zidole za pa salaula timamenya nkhondo bwino lomwe, ndipo dongo la ku dambo silinakwere mtengo.

Angoni pathebulo la ku England

Si onse osonkhanitsa amene amatsata nthano zopeka. Ambiri amasewera nkhondo za m'mbiri yeniyeni, ndipo pano pali cimene cingakudabwitseni. Ku England kuli amisiri amene amaumba tiasilikali ta Azulu, ta Amandebele ndi ta Angoni, ta zishango za cikopa, mikondo ndi nthenga kumutu. Kuli anthu amene sanaonepo Chipata, koma amakhala usiku kuwerenga za maonekedwe a zishango za Angoni kuti apake penti yoyenera. M'masewera ambiri otere makolo athu amaima monga adani a mzungu wofufuza maiko, monga mmene Africa wa ana a ku Haworth analili bwalo cabe la ngwazi za ku Ulaya.

Nanga mnyamata wa ku Chelstone uja, amene adziwa ana onse a Mfumu ya kuthambo, adziwa kuti Zwangendaba anaoloka Zambezi ndi anthu ake mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa ndi kadamsana? Adziwa kuti mu Januwale 1898 Nsingo, mwana wa Mpezeni, anatsogolera ankhondo a mikondo kukakumana ndi mfuti za ciwaya za Angerezi, kuti anagwidwa n'kuwomberedwa mwezi wotsatira, ndi kuti ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa? Adziwa cifukwa cake mwambo wa Nc'wala unaleka kwa zaka zambiri kufikira pamene unayambanso mu 1980, ndi cifukwa cake anthu amasonkhana ku Mtenguleni mwezi wa Febuluwale? M'mbiri imeneyi muli atate ndi mwana, ulendo wautali, kulimba mtima ndi kugonja, zonse zimene iye amazifuna m'mabuku a ku Nottingham. Ilinso ndi mbali ziwiri, pakuti Acewa ndi Ansenga amene anamanga malinga ndi kuthawira ku mapiri poopa Angoni ali ndi nkhani yawo yoti asimbe. Mwana amene aumba magulu onse awiri ndi manja ake, n'kufunsa agogo maina a midzi ndi a mafumu, adzaphunzira kuti pa nkhondo yeniyeni ogwa mbali zonse anali ana a anthu.

Mbiri imeneyi palibe kampani ingaisinthe kuti igulitse bokosi. Koma ili ndi mdani wake, ndiye kuiwala, ndipo nkhalamba zoidziwa zikutha caka ndi caka.

Khalani pansi, mumve

Tsono amayi a ku Chelstone aja acite ciani ndi kamsilikali kali m'manja mwawo? Akabweze pakhonde, akoke mpando, ndipo auze mwana apitirize kufotokoza. Mwana amene makolo amva nthano yake sabisa mabuku pansi pa matiresi. Atate nawo ayese kugwira kaburashi tsiku lina, aone ngati dzanja lawo lingajambule diso pa nkhope yocepa ngati njere ya mapira; adzayamba kulemekeza nchito ya mwana wawo. Agwirizane za nthawi ndi za ndalama zinthu zisanafike poipa, pakuti kuongola mtengo m'poyamba. Amulimbikitse kupatsa tiasilikali take maina ndi mbiri yopeka yekha, monga anacitira ana a ku Haworth, kuti asakhale wongodikira zimene alembi a kutali adzagamula.

Ndipo pakhale pangano limodzi m'banjamo. Madzulo amene mnyamata asimba za Horus ndi Mfumu ya pa mpando wa golide, madzulo otsatira ikhale nthawi ya agogo, kaya ali pomwepo kaya pa lamya kucokera ku mudzi, kusimba za kumene banja linacokera ndi amene analitsogolera pa njira. Mnyamata abwere ndi kope ndi pensulo. Pa chuti cikubweraci, akapita ku mudzi, akatapeko dongo.